Chiphaso chobadwira cha Nimrodi anachipeza kuti mlembi wanu?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani imene munasindikiza sabata yatha pa tsamba la zachipembedzo, ija mlembi wake anatiuza kuti aliyense wokondwerera Khirisimasi akupembedza Nimrodi, ati chifukwa Nimrodiyo anabadwa pa 25 Disembala. Anachita kutchula tsiku lenilenilo osaphethira n'komwe, inu n'kulola kuti zituluke choncho.

Nimrodi si munthu wobisika. Tsegulani Genesis 10:8-12 mumupeza: mwana wa Kusi, mlenje wamphamvu pamaso pa Yehova, ufumu wake unayambira ku Babele. Dzina lake likupezekanso pa 1 Mbiri 1:10 ndi pa Mika 5:6. Basi, zathera pomwepo. Tsiku lobadwa palibe, dzina la mkazi wake palibe, mtengo wokongoletsedwa palibe. Tsono mlembi wanu anazitola kuti? Kapena mzamba wa tsikulo anali iyeyo? Mwezi wa Disembala ndi wa kalendala ya Aroma, ndipo m'masiku a Nimrodi mzinda wa Roma kunalibe ngakhale maziko ake. Koma ife tizikhulupirira kuti ku Babele kunali kalaliki amene analemba m'kaundula kuti lero pa 25 Disembala kwabadwa mwana wamwamuna, n'kudindapo chidindo, pepalalo n'kusungika bwinobwino mpaka kudzafika pa tebulo la nyuzipepala yanu. Ngati lilipo lijambuleni, muliike patsamba loyamba, akatswiri a mbiri yakale a dziko lonse adzagwade pakhomo panu.

Gwero la nthanoyi ndi lodziwika. Inatchuka ndi buku la m'busa wa ku Scotland, Alexander Hislop, lotchedwa The Two Babylons, limene linayamba kutuluka mu 1853 pofuna kuonetsa kuti mpingo wa Katolika ndi chipembedzo cha ku Babulo chimene chinangosintha dzina. Mlaliki wina wa ku America, Ralph Woodrow, analemba buku lake mu 1966 motsamira pa Hislop. Patapita zaka anakafufuza yekha mabuku amene Hislop ankawatchula ngati umboni, n'kupeza kuti zambiri sizikugwirizana. Analichotsa buku lakelo pamsika ngakhale linkayenda malonda, ndipo mu 1997 analemba lina lotsutsa zimene ankaphunzitsa poyamba. Amene anaifalitsa nkhaniyi anabweza mawu kalekale, koma mlembi wanu akuigawabe ngati yaphulidwa dzulo.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Yesu anabadwa pa 25 Disembala. Baibulo silitchula tsiku. Marko ndi Yohane sasimba n'komwe za kubadwa kwake. Luka akungotiuza za abusa amene ankayang'anira zoweta zawo usiku, Mateyu za anzeru a kum'mawa, osanenanso kuti analipo atatu, ndipo akuti mwanayo anamupeza m'nyumba. Palibe pamene timawerenga kuti atumwi anachitapo phwando la kubadwa kwa Ambuye. Cha m'ma 200 mphunzitsi wachikhristu Clement wa ku Alexandria analemba kuti ena ankati Yesu anabadwa pa 20 Meyi, ena pa 19 kapena 20 Epulo. Origen, mphunzitsi winanso wa mpingo wakale, ndiye ankachita kunyoza, akuti m'Malemba okondwerera tsiku lawo lobadwa ndi anthu ngati Farao ndi Herode, ndipo n'zoona kuti maphwando onse awiriwo anatha ndi kuphedwa kwa munthu. Umboni wakale wolembedwa wa 25 Disembala uli m'kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354, pa mndandanda umene akatswiri amati unakonzedwa mu 336. John Chrysostom polalikira ku Antioch cha m'ma 386 ananena kuti chikondwererochi chinali chisanathe zaka khumi chifikire kumeneko. Mpingo wa ku Armenia mpaka lero umakumbukira kubadwa kwa Yesu pa 6 Januwale.

Mlembi wanu akanalemba zimenezi, ine bwenzi nditakhala chete. Akanawonjezanso kuti kalendala yomweyo ya 354 ikuonetsa phwando la dzuwa pa 25 Disembala, ndi kuti mfumu ya Roma, Aurelian, inamangira mulungu wa dzuwa kachisi mu 274, ndikanavomera, chifukwa pamenepo akatswiri amatsutsanadi. Ena amati mpingo unasankha tsikulo kuti uphimbe phwando lachikunja. Ena amaloza kwina: Tertullian, mlembi wachikhristu wakale, analemba kuti Yesu anafa pa 25 Malichi, ndipo kunali chikhulupiriro chakuti tsiku limene anafa ndi lomwelonso limene Mariya anatenga pathupi. Bishopu Augustine analemba zomwezo. Werengani miyezi isanu ndi inayi kuchokera pa 25 Malichi muone pamene mufike. Mbali zonse ziwiri zili ndi zolembedwa zoti munthu angazigwire m'manja. Nimrodi alibe ngakhale kachidutswa.

Kenako anatiponyera Yeremiya 10, kuti mneneri ankaletsa mtengo wa Khirisimasi. A Mkonzi, kodi ku ofesi kwanuko mulibe Baibulo? Mutuwo ukunena za mmisiri amene wadula mtengo kunkhalango, n'kuusema ndi nkhwangwa, n'kuukuta ndi siliva ndi golide, n'kuukhomera misomali kuti usagwe. Ndime 5 ikuti chinthucho sichilankhula, ndipo amachita kuchinyamula popeza sichingayende. Limenelo ndi fano losema. Yeremiya anakhala ndi moyo cha m'ma 600 Yesu asanabadwe, pamene mwambo woimika mtengo m'nyumba pa Khirisimasi unayamba kumveka m'madera olankhula Chijeremani cha m'ma 1500 ndi 1600. Munthu akaimitsa kuwerenga pa ndime 4 chifukwa ndime 5 imusokonezera ulaliki, ameneyo sakuphunzitsa Malemba, akuwagwiritsa ganyu.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti anaphatikizamo ndi Pasaka yemwe, ati ndi phwando la mulungu wamkazi wa ku Babulo, Ishtar. Pasaka! Chikondwerero chimene chayambira pa Eksodo 12, chimene Yesu anadya ndi ophunzira ake usiku uja anaperekedwa, chimene Paulo akuchitchula pa 1 Akorinto 5:7 ponena kuti Khristu ndiye Pasaka wathu wophedwa nsembe. Akhristu oyambirira sankakangana zoti achite Pasaka kapena ayi. Mkangano wawo unali wa tsiku. Cha m'ma 155 Polycarp, bishopu wa ku Smyrna amene bishopu wina, Irenaeus, akuti anaphunzira kwa mtumwi Yohane, anapita ku Roma kukakambirana ndi bishopu Anicetus. A ku Asia ankasunga tsiku la 14 la mwezi wa Nisani monga Ayuda, a ku Roma ankadikira Lamulungu. Sanagwirizane, komabe anasiyana mwamtendere, Anicetus mpaka anamulola mlendo wakeyo kutsogolera Mgonero. Cha m'ma 190 bishopu Victor wa ku Roma anafuna kudula mipingo ya ku Asia chifukwa cha nkhani yomweyi, Irenaeus n'kumulembera kalata yomuletsa. Nkhaniyi inakafikanso ku msonkhano waukulu wa mabishopu wa ku Nicaea mu 325. Anthu awa ena a iwo anafera chikhulupiriro, Polycarp anamutentha pamoto atakana kunyoza Khristu, ndiye lero wina atiuze kuti ankapembedza Ishtar osadziwa?

Nanga mfundo yake yaikulu ija, yakuti chimene Mulungu sanalamule ndi tchimo kuchichita? Pa Yohane 10:22-23 Yesu akuyenda m'Kachisi, m'khonde la Solomoni, pa nthawi ya phwando lokumbukira kuyeretsedwa kwa Kachisi. Phwando limenelo mulibe m'Chilamulo cha Mose. Linayamba m'masiku a Amakabeo, Ayuda amene analanditsa Kachisi kwa adani, zaka zoposa 160 Yesu asanabadwe, ndipo sitimva Ambuye akulidzudzula. Paulo naye pa Aroma 14:5-6 akuti wina amalemekeza tsiku lina kuposa linzake, wina amaona masiku onse ngati ofanana, aliyense atsimikize mumtima mwake. Amene sachita Khirisimasi ndimawalemekeza, ndipo sanayambe lero. A Puritan, akhristu okhwimitsa malamulo a ku Massachusetts ku America, analetsa chikondwererochi mu 1659 n'kuika chindapusa cha mashileni asanu, ndipo ku Scotland tsikuli linakhala holide ya boma mu 1958. Chifukwa chawo chachikulu chinali chakuti Malemba sanalamule, kuwonjezapo kuledzera ndi chisokonezo chimene chinkachitika. Imeneyo ndi mfundo yoti munthu n'kukhala pansi kuiganizira. Sanafunike kupeka tsiku lobadwa la mlenje wa ku Babele.

Vuto ndi lakuti masiku ano aliyense amene walandira uthenga pa WhatsApp wasanduka mphunzitsi wa mbiri ya mpingo. Uthenga ukangoyamba ndi mawu akuti zimene abusa anu sakuuzani, anthu amautumiza asanafike n'kumapeto komwe, mawa lake wina waulalikira paguwa, mkuja mabanja sakulankhulana chifukwa agogo anapita ku mapemphero a Khirisimasi. Nawonso azibusa a mbali inayi sindiwasiya. Chaka ndi chaka amaima kutsogolo n'kunena kuti lero lomwe lino ndi tsiku limene Mpulumutsi anabadwa, ana n'kukula akuganiza kuti zinalembedwa mu Luka. Tsiku limene mwanayo adzazindikire kuti mulibemo, adzakhulupirira aliyense amene wamuuza koyamba, ngakhale wa Nimrodi yemweyo. Mipingo ili ndi makoleji a zaubusa kumene mbiri yonseyi imaphunzitsidwa, koma ikafika paguwa imasowa ngati kuti akhristu wamba sangaimvetse.

Pempho langa ndi lalifupi. Mlembi wanuyo atipatse buku, mutu ndi ndime pamene pali tsiku lobadwa la Nimrodi, akalephera mulembe mawu okonza cholakwacho pa tsamba lomwelo. Ndipo nkhani zotere muziyamba mwaonetsa mphunzitsi wa mbiri ya mpingo, wa mpingo uliwonse, zisanapite kosindikiza.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu