Lipoti la msonkhano wa odwala lupus ndi nyamakazi umene munandituma

Amayi apampando, akomiti, ndi inu nonse a gulu lathu la ku Matero, ndakupatsani moni.

Munandisankha kuti ndikakhale makutu anu ku msonkhano wa anthu odwala matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake. Unachitika m'tauni mu Lusaka Loweruka, sabata ya pa 10 Meyi, tsiku limene maiko amakumbukira lupus. Ndiyambe ndi ndalama kuti a msungichuma agone tulo: munandipatsa K150, minibasi yadya K60 kupita ndi kubwera, nsima tinadya komweko, ndiye K90 ndibweza Lachitatu.

Za m'mawa sindichulukitsa. Pemphero, malonje, zokamba za akuluakulu, ife tili pa mipando yapulasitiki mawondo akuuma gwa. Zambiri zinali m'Chingerezi, ndipo amayi a m'makomboni anangokhala duu. Nditapempha kuti azimasulira m'Chinyanja m'pamene manja anayamba kukwera.

Msonkhano weniweni unayamba pamene anaimirira mayi wina, dokotala wa matenda a m'mfundo. Anafunsa kuti ndani mwa ife anagulapo mankhwala "okweza chitetezo". Manja anakwera pafupifupi holo yonse, langa lomwe. Anati satiimba mlandu, chifukwa kuno ku Zambia tonse tinakula ndi maphunziro a HIV, oti munthu akaonda, tsitsi n'kumathothoka, ndiye kuti chitetezo chatsika. Athuwa ndi ena. Asilikali a m'thupi sanachepe ayi, asokonezeka, akumenya mfundo, khungu, magazi, impso za mwini wawo. Ine ndinaganiza za galu wa pakhomo amene wayamba kuluma ana a m'nyumba. Galu wotere sum'wonjezera nyama kuti alimbe, umam'manga unyolo. Mapiritsi athu ndiwo unyolowo. Tsono timabotolo tokweza chitetezo tija timabwera pa WhatsApp ndi ta ku msika wa Soweto, kupatula kutidyera ndalama, sitidziwa zimene anathiramo, ndipo chiwindi ndi impso ndizo zimalipira.

Anatinso pa odwala lupus 10 alionse, 9 amakhala akazi, makamaka a msinkhu wobereka, ndipo ife akuda imatigwira kwambiri ndi mwamphamvu kuposa azungu. Zidzolo za kumaso zooneka ngati gulugufe, zimene m'mabuku amajambula zofiira, pakhungu lathu zimaoneka zakuda kapena zodera, n'chifukwa chake ambiri tinazungulira zaka, mafuta odzola, sing'anga, mapemphero a usiku, matenda asanapezeke.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndiye pagona nkhani imene ndabwera nayo. Chipatala timapita kamodzi pa miyezi ingapo. Masiku ena onse mapiritsi ali m'manja mwathu, ndipo m'menemo ndi mmene timadzipweteka.

Methotrexate, mmodzi mwa mapiritsi athu ofatsa chitetezo, amamwa kamodzi pa sabata. Kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Wa ku famasi ananyamula kabotolo m'mwamba n'kutiuza kuti tinene mawuwo katatu ngati ana a giredi 1, ife n'kumaseka. Kuseka kunatha bambo wina wa ku Kanyama ataimirira. Iwo anagula pa famasi ina, wogulitsa analemba mothamanga pakapepala, ndiye anamwa m'mawa uliwonse monga amachitira ndi a BP. Sabata isanathe m'kamwa monse munali zilonda, madzi omwe osamezeka, anakagonekedwa magazi atatsika kwambiri. Polankhula anali akupotokola chipewa ndi zala zawo zokhota zija. Sankhani tsiku limodzi, mulilembe pabotolo ndi pakalenda. Folic acid amene amakupatsani pamodzi musam'taye, amachepetsa zovuta za methotrexate, ndipo kawirikawiri amamwa tsiku lina. Mowa ayi, chifukwa cha chiwindi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Septrin, amene tonse timam'thamangira mwana wa mnansi akatsokomola, sagwirizana ndi methotrexate, angagwetse magazi, ndiponso kwa a lupus amatha kudzutsa matenda. Mukapita kukiliniki ndi vuto lina, nenani mankhwala amene mukumwa asanakulembereni.

Pa prednisolone, mapiritsi ochepetsa kutupa m'thupi, ndiulule ndekha, popeza ena mukudziwa kale. Chaka chatha nkhope itafufuma, apongozi n'kumandinena kuti ndanenepa ndi ndalama za mwana wawo, ndinangosiya tsiku limodzi. Ndinagona masiku atatu, chizungulire, kusanza, miyendo yosaima. Dzulo m'pamene ndamvetsa. Pamwamba pa impso pali tizigawo timene timapanga mankhwala ofanana ndi prednisolone. Ukamwa mapiritsi nthawi yaitali, timagona, ndiye ukasiya mwadzidzidzi thupi limatsala lopanda kanthu, munthu angathe kufa. Amatsitsa pang'onopang'ono, dokotala akuona. Koma olankhula anavomereza kuti si mankhwala okhala nawo pa mlingo waukulu mpaka kalekale: amakweza shuga ndi BP, amafewetsa mafupa. Ngati papita nthawi muli pa mlingo womwewo, funsani kuti adzatsitsa liti.

Hydroxychloroquine ndi mbale wa chloroquine uja tinkamwa pa malungo, yemwe uja anavuta kupeza mu 2020 anthu atamva kuti amachiza korona. Kwa a lupus ndiye mzati wa nyumba, ngakhale thupi litakhala bwino osasiya. Amachedwa kugwira, miyezi iwiri kapena itatu, choncho musanene msanga kuti ngwachabe. Amafuna kuyezetsa maso poyamba, ndipo mukapitirira zaka 5, chaka ndi chaka. Ndawerenga m'mutu, m'gulu lathu tilipo anayi amene tadutsa zaka 5. Sindikutchulani, koma ku chipatala cha maso ku UTH, chipatala chachikulu cha boma ku Lusaka, tipite limodzi.

Masana namwino anatipatsa timabotolo kuti tikabweretse mkodzo. Manyazi anatigwira, mzere wa ku chimbudzi aliyense akubisa kake m'chitenje. Anaviika kapepala kokhala ndi timabokosi tamitundu, ndipo ka mtsikana amene anali patsogolo panga kanasintha kuchoka pachikasu kupita kobiriwira. Iye sankamva kupweteka paliponse. Namwino anati impso zimawonongeka mwakachetechete, ndipo zizindikiro zake ndi mkodzo wa thovu losatha ngati mwathira sopo, kutupa mapazi ndi zikope m'mawa, BP kukwera. Anam'lembera kalata yopita nayo kuchipatala Lolemba. Apa ndipempheko amene mumagula Brufen ndi diclofenac pa kantemba mfundo zikawawa: amathandiza lero, koma impso zodwala sizimawafuna, ndiponso amabowola m'mimba, makamaka pamodzi ndi prednisolone.

Thupi likatentha musaganizire. Akhoza kukhala malungo, chifuwa chachikulu, kapena matenda athu adzuka, ndipo mankhwala athu amachititsa kuti tizirombo tilowe mosavuta. Kukayezetsa tsiku lomwelo.

Funso limene linatontholetsa holo linachokera kwa mtsikana wongokwatiwa kumene, amene akuchimuna ayamba kale kum'funsa za mwana. Dokotala anati a lupus amabereka, koma pathupi pakhale pokonzekera, matenda atagona miyezi 6. Methotrexate ndi mycophenolate, mankhwala enanso ofatsa chitetezo, amawononga mwana m'mimba, ayenera kusinthidwa nthawi isanakwane, pamene hydroxychloroquine amapitiriza. Njira zolera nazonso si zonse zotiyenera, mapiritsi ena amaundanitsa magazi mwa ena a ife. Alangizi a m'gulu lathu, nkhani iyi njanu, ndipo ndikuona kuti azibambo aziitanidwa akamve okha.

Za zakudya sizinandikhutiritse. Wolankhulayo anatchula nsomba za m'mashopu a ku Manda Hill ndi mafuta a mtengo wa thumba la ufa. Nditam'funsa za kapenta, nyemba ndi chibwabwa, anati zili bwino, bola mchere uchepe. Akanayambira pamenepo. Fodya anati amakulitsa nyamakazi. Za dzuwa n'zoona, limadzutsa lupus, koma kuuza mayi wogulitsa tomato pamsewu kuti asakhale padzuwa mu Okutobala n'kum'uza kuti ana agone ndi njala. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, ambulera pa tebulo, izo tingakwanitse.

Amene muli ndi khadi la NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, muziyenda nalo, ndi kufunsa pawindo ngati mankhwala anu ndi zoyeza magazi zilipo pamndandanda. Kusowa kwa mankhwala m'mafamasi kunadandaulidwa kwambiri, yankho logwirika sindinalimve. Gulu lina linati iwo amauzana pafoni akapeza kumene alipo, ndipo amayamba kufunafuna atatsala ndi a masabata awiri. Tingatengereko.

Pempho langa kwa komiti ndi ili: pa K90 yotsalayo tigule timakope, aliyense kake, kolembamo mankhwala, mlingo, tsiku la methotrexate, zotsatira za magazi ndi mkodzo, ndi tsiku lobwerera kuchipatala. Amene zala sizigwira bolopeni ndidzawalembera ine. Lachitatu bwerani ndi mabotolo anu onse m'pulasitiki, ndi aja okweza chitetezo omwe, tidzawaone pamodzi. Langa ndibwera nalo, latsala theka.

Ine nthumwi yanu.