Agogo athu, mwini buku lofiira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndikumbukire kudzera mu nyuzipepala yanu agogo anga aamuna, omwe tinawaika m'manda ku HHI sabata yatha ali ndi zaka 91.

Ntchito ya ukauntanti anaiyamba ku Limbe nthawi ya mapaundi ndi mashelini. Nkhani yomwe sankatopa nayo inali ya 1971, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Paundi imodzi inasanduka K2, sheleni n'kukhala matambala 10, ndipo mabuku onse ankayenera kusinthidwa pamanja, kompyuta kunalibe. Ankati tambala imodzi ikasowa m'buku sankaweruka mpaka ataipeza, ngakhale kunja kude.

Koma ine chimene chikundigwetsa misozi ndi buku lofiira lomwe tinalipeza m'sutikesi mwawo ku Chilomoni. Muli fizi ya mwana aliyense, awo obereka ndi a malemu mlongo wawo omwe analera ngati awo. Muli mtengo wa yunifolomu, thumba la chimanga lopita kumudzi, ngakhale ya minibasi yomwe ankandipatsa ndili ku sekondale. Dzina langa lilimo kambirimbiri, ndi zilembo zawo zopendekera zija, ndipo palibe paliponse pamene analemba kuti ngongole.

Agogo aakazi atadwala, iwo ndi amene ankawaphikira phala m'mawa, manja akunjenjemera, osalola kuti wina awalandire.

Tikuthokoza a mpingo ndi anansi onse amene munagona nafe pa siwa.

Mdzukulu wawo,
Chilomoni, Blantyre