Wokayika za Mulungu tisamuyankhe ndi mwano

Akonzi,

Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndalemba chifukwa cha mwana wa mlongo wanga amene anasiya kupemphera namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023. Iye anali mmodzi wa anyamata amene ankafukula matope ndi makasu ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Anatulutsa mtembo wa kamwana, nsapato imodzi idakali kuphazi. Atafika kwathu anangokhala pakhonde, nsima mpaka kuzizira, kenako anati: "Amalume, ngati Mulungu ali ndi mphamvu zonse, ndiponso ndi wachikondi, bwanji sanaletse phiri lija?"

Akumpingo atamva, ena anati walowa za satana, ena anati sukulu yamuzunguza mutu. Funso lakelo palibe analikhudza, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Funsoli ndi lakalekale. Pa 1 Novembala 1755 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal m'mawa wa tsiku la Oyera Onse, anthu ali m'matchalitchi, ndipo anzeru a ku Ulaya anakangana za nkhaniyi kwa zaka zambiri. Thomas Aquinas, wansembe wa Katolika ndi katswiri wa zaumulungu amene anamwalira mu 1274, asanafotokoze njira zake zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo, anayamba walemba yekha mfundo ya otsutsa, yakuti Mulungu wabwino akanakhalapo choipa sichikanapezeka. Anaiika poyera ndi mphamvu zake zonse, kenako n'kuyankha. Ife lero timathamangira kutukwana tisanamve n'komwe.

Inenso poyamba ndinaphonya. Ndinamufunsa kuti, "Nanga dziko analenga ndani?" Anandiyankha mwaulemu kuti limenelo ndi funso lina, pakuti kusonyeza kuti Mlengi alipo sikusonyeza kuti ndi wachifundo. Ananena zoona. Ndinati Mulungu anapatsa munthu ufulu wosankha, ndipo ndi anthu amene anadula mitengo m'phirimo. Iye anati ufulu umafotokoza za wakuba ndi wakupha, koma mvula sisankha, ndipo kamwana kaja sikanadule mtengo. Apa ndinakhala chete.

Naye ndinamupanikiza. Ndinamuuza kuti kusaona chifukwa cha chinthu sikutanthauza kuti chifukwacho kulibe, ndipo amene akunena motsimikiza kuti Mulungu kulibe nayenso ali ndi ngongole ya umboni. Anavomera kuti mwina mawu omuyenera ndi akuti "ndikukayika".

Gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa aliyense ufulu wa chikhulupiriro ndi maganizo, wosapemphera yemwe. Ndikupempha abusa, ansembe ndi mashehe kuti achinyamata otere aziwapatsa mpando, amve funso lonse, ndipo pamene yankho palibe anene chilungamo. Mnyamata wanga amabwerabe Lamulungu lililonse madzulo, timamwa tiyi n'kupitiriza pamene tinalekezera. Ine ndikukhulupirirabe, iye akukayikabe, ndipo ndimamupempherera pomutchula dzina.

Mkulu wa mpingo,
Blantyre