Anzathu akusukulu amene sitiwatchula

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za ife amene tinalemba mayeso a Sitandade 8 mu 1993 pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Lizulu.

Tili ndi gulu pa WhatsApp. Masiku ambiri limangoti zii, kupatula mavesi a m'mamawa. Koma zikangomveka kuti wina watisiya, foni imachita kutentha. Msungichuma aponya nambala, mndandanda wa osonkha uyamba kutalika, a ku Joni atumiza zochulukirapo, chipepeso chipita kusiwa. Sindikunyoza ayi. Bokosi lakwera mtengo, ndipo amene anaonekeredwapo zovuta amadziwa kuti adzukulu sakumba ndi njala.

Chondiwawa n'china. Mwezi watha tinakumana pasukulupo, ndipo wapampando anati tiimirire mphindi imodzi. Anatchula mayina anayi, onse omwalira posachedwapa, awiri mwa iwo a nthawi ya korona mu 2021. Amene anapita tisanakhale ndi mafoni sanatchulidwe ndi mmodzi yemwe, chonsecho ndiwo ambiri.

Tonse tikudziwa chimene chinatenga ambiri mwa iwo. Pamaliro wolankhula m'malo mwa banja ankangoti "anadwala nthawi yaitali," amayi kumbali n'kumanong'onezana za kaliwondewonde. Ma ARV aulere anafika m'zipatala za boma mu 2004. Mnzanga amene tinkakhala naye moyandikana pansi m'kalasi anamwalira mu 2003. Chaka chimodzi chokha, Akonzi.

Mnyamatayu ankadziwa masamu mochititsa mantha. Mwezi wa Juni, chifunga chitakuta mpaka osaona mbendera pabwalo, ankabwera ndi kachewere wowotcha m'thumba la kabudula kuti azifunditsa zala asanagwire bolopeni. Ikakwana buleki ankamunyema pakati, theka langa. Anabwereza Sitandade 8 kawiri koma dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale, basi anakayamba geni ya kabichi pamsika. Ulendo womaliza kumuona, malaya anali atamukulira ngati obwereka. Ndinamupatsa moni ndili chiimire, n'kunamizira kuti minibasi indisiya. Kumaliro sindinapite. Mwina n'chifukwa chake ambirife dzina ngati lake limatilemera pakamwa: likatchulidwa timakumbuka mmene tinkawazembera.

Palinso ana a othawa nkhondo ochokera ku Mozambique, amene tinkaphunzira nawo pakuti kuno malire ndi msewu wa M1 womwewu. Mtendere utabwera mu 1992 anayamba kubwerera kwawo, ndipo pagulu lathu palibe anafunsapo ngati ali moyo.

Pempho langa kwa magulu onse a ophunzira akale, kaya a ku Ntcheu, ku Dedza kapena kwina, ndi lakuti mukhale pansi ndi kope, aliyense atchule amene ankakhala naye pafupi, mayina alembedwe. Pokumana muziwawerenga mokweza monga ankaitanira aphunzitsi m'mawa uja, osasankha kuti uyu anafa bwanji kapena anafika pati ndi sukulu. Izi sizilira ndalama.

Mnzanga uja anasiya mwana wamkazi, pano ndi mayi ndithu, amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Mphumi ndi kasekedwe komwe, bambo ake enieni. Ndakhala ndikumugula tomato zaka zitatu osamuuza kanthu. Loweruka likubwerali ndikamuuza kuti pa masamu bambo ake sankapitiridwa ndi munthu.

Wowerenga wanu,
Lizulu, Ntcheu