Zomwe ndabwera nazo ku msonkhano wa opanga manyowa

A Tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Ngabu, zikomo pondituma ku Blantyre. Ndayenda bwino.

Tinakumana magulu opanga manyowa ogulitsa ndi ena otolera mapulasitiki. Zokamba zinalipo zambiri, koma chomwe chanditsegula maso ndi tsiku lachiwiri, pomwe anatitengera kumalo komwe anzathu ena amapangira kompositi. Iwo saunjika chimulu chimodzi ngati ife. Amayala mizere italiitali pansi pa shedi, nkumaitembenuza ndi mafoloko. Bambo wina anazika chitsulo pakati pa mulu, atachizula nkundiuza kuti ndichigwire. Ndinachotsa dzanja msangamsanga! Anati mulu wabwino umatentha madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutenthako ndiko kumapha njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Kenako anatapa manyowa m'manja nkufinya: anagwirana bwinobwino, madzi nkungodontha pang'ono. Pomwepo ndinakumbukira milu yathu ya mu Okutobala, youma gwa, ife tikudabwa kuti bwanji miyezi ikutha osapsa. Dzuwa lakuchigwa kuno limamwa madzi onse, ndipo mulu wouma suwola.

Ndikudziwa kuti ambiri mumayembekezera nkhani ya makina odulira mapesi. Ndawaona, ndi abwino ndithu, koma amadya dizilo kapena magetsi. Ine maganizo anga ndi akuti ngongole ya makina iyambe yadikira. Shedi ndiye choyamba, ndipo imangidwe pamtunda. Tonse tikukumbukira momwe madzi a namondwe wa Freddy anakokololera milu yathu mu Malichi 2023. A Tcheyamani, chonde mukatipemphere malo kwa amfumu.

Za majumbo zinandichititsa manyazi. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma m'zinyalala zomwe timatenga kumsika ali mbwee. Mayi uja wa dimba la tomato anatibwezera matumba chifukwa cha zidutswa za jumbo ndi magalasi, ndipo sanalakwe. Anzathuwo amasankhiratu zinyalala kumsika komweko, zowola pazokha, mabotolo pawokha, ndiye mabotolowo amakagulitsa pa sikelo. Manyowa akapsa amawasefa asanawaike m'matumba. Sefa yake ndi waya ndi matabwa basi, kalipentala aliyense pano akhoza kutikhomera.

Nditawauza za ndowe za m'makola a ng'ombe kuno, anzathu a m'tauni anachita kusirira, poti iwo amachita kugula. Wina anafunsanso za namasupuni wa mu Shire. Amawola bwino, koma ayambe wafota padzuwa, komanso muluwo utenthe mokwanira kuti tisakafese njere zake m'madimba a anthu.

Loweruka tikumane m'mawa dzuwa lisanakwere. Aliyense abwere ndi ndowa ndi fosholo kuti titembenuze ndi kuthirira milu yomwe ilipo. Malisiti a ulendo ndasiya kwa amayi msungichuma.