Lipoti la msonkhano wa luso la mizere yooneka ngati ikuyenda

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndalama zimene munanditumiza nazo sizinapite pachabe. Nazi zimene ndabwera nazo.

Tsiku loyamba anakamba mbiri: chionetsero cha Le Mouvement ku nyumba yoonetseramo zaluso ya Galerie Denise René mumzinda wa Paris mu 1955, komwe kunali ntchito za akatswiri a luso Vasarely, Agam, Soto, Tinguely ndi Calder, kenako chionetsero cha The Responsive Eye ku nyumba yoonetseramo zaluso ya Museum of Modern Art (MoMA) ku New York mu 1965. Za inshuwaransi ndi malonda ndizidumpha, sizikutikhudza kwenikweni.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la moiré, kutanthauza mikwingwirima imene imaoneka mukasanjikiza mizere pamwamba pa mizere ina. Pa bolodi yoyera jambulani mizere yakuda yobwereza pa mamilimita 5 alionse. Pa pulasitiki yoonekera jambulani ina yobwereza pa mamilimita 5.5. Mukazisanjikiza pamatuluka mikwingwirima ikuluikulu pa mamilimita 55 alionse, chifukwa pamenepo mizere 11 ya pansi yakwanirana ndi 10 ya pamwamba. Mukasuntha pulasitikiyo ndi mamilimita 5.5 okha, mkwingwirima umalumpha mamilimita 55 onse. Dzanja layenda pang'ono, koma diso likuona ulendo wotalika kakhumi. Soto ankapachika mawaya kutsogolo kwa bolodi ya mizere, pakati n'kusiya mpata, kotero munthu akangosuntha mutu mawayawo amaoneka ngati akunjenjemera.

Zolakwika zimayambira pa tepi imene timamata pabolodi kuti mizere iwongoke popaka penti. Penti ikalowa pansi pa tepiyo, m'mphepete mwa mzere mumakhala manomano ndipo kunjenjemera kuja kumafa. Yambani mwapaka penti yoyera m'mphepete mwa tepi kuti itseke timipata, iume, kenako pakani yakuda n'kuchotsa tepi isanaumitsitse. Penti yonyezimira ayi, imabweza kuwala kwa magetsi n'kuphimba mizere. Mzere umodzi ukapatuka ndi theka la milimita, mkwingwirima umapindika poonekeratu.

Ambiri kumsonkhanoko ankakonda ntchito zoyenda ndi mota, ndipo ndikudziwa kuti komiti yathu ikufuna kugula mamota. Ine sindikugwirizana nazo. N'zoona kuti katswiri wa luso Naum Gabo ananjenjemeretsa kandodo kachitsulo pogwiritsa ntchito mota cha m'ma 1920, koma ntchito yojambula ya Bridget Riley ya 1963 yotchedwa Fall ilibe kanthu koyenda ngakhale kamodzi, ndi mizere yakuda ndi yoyera basi, ndipo mpaka lero imazunguza anthu mutu. Mota ikafa, adzaikonza ndani?

Pano ndikumbutse nkhani imene sinayankhidwebe. Pachionetsero chathu chapitachi ntchito za mizere zinapachikidwa m'kanjira kopanikiza, moti woonera sankatha kubwerera m'mbuyo kapena kuyenda cham'mbali. Ntchito zotere zimafuna kuti munthu ayende. Tinadandaula, koma mpaka pano zii. Ndalama za ulendo unonso zinafika mochedwa.

Pempho langa n'lakuti ndalama za mamotazo tigulire marula achitsulo, tepi yabwino, penti yosanyezimira ndi pulasitiki yoonekera, ndipo msonkhano wathu ukubwerawu usankhe khoma la chionetsero limene kutsogolo kwake kuli malo a mamita atatu oyendamo.