Nyenyezi zokalamba nazo zimatulutsa UV

A Mkonzi,

Nkhani ya zakuthambo ija munalemba sabata yatha ndaiwerenga, zikomo, koma pena pake munaphonya pang'ono. Munati mlalang'amba ukamatulutsa kuwala kwa UV (ultraviolet, kuwala kosaoneka ndi maso) ndiye kuti muli nyenyezi zongobadwa kumene basi. Ayi ndithu, si nthawi zonse.

Tengani milalang'amba yooneka ngati dzira ija, ma elliptical, monga M87 kapena NGC 1399. Mmenemo gasi wopangira nyenyezi zatsopano anatha kalekale, zatsala ndi nkhalamba zofiirira, ndiye aliyense ankayembekeza kuti ku UV kukhala mdima. Koma mu 1969 satelayiti ya OAO-2 itayang'ana pakati pa mlalang'amba wa Andromeda, pomwenso padzaza nkhalamba zomwezi, inapeza UV akukwera mmalo motsika, asayansi mutu unaima. Kuchokera pansi pano simungaone zimenezi chifukwa mpweya wa ozoni amene ali mumlengalenga amatchinga, mpaka makina apite kumwamba.

Ine ndimazimvetsa ndi mbaula. Khala likakutidwa ndi phulusa umati lazima, koma ukauzira phulusa lija umapeza mkati muli moto woopsa. Nyenyezi zina zikakalamba zimataya pafupifupi chikuto chonse cha gasi wa hydrogen, nkutsala chapakati chomwe chikuyatsa gasi wa helium chili pamtunda, kutentha kwake kufika madigiri 25,000 kapena kuposa pamene dzuwa lathuli pamwamba pake ndi cha mma 5,500 basi. Zimenezi amazitchula kuti extreme horizontal branch, ndi zochepa koma UV wake ngwambiri zedi. Mu 2000 gulu la Thomas Brown linaziona imodziimodzi ndi makina oonera zakuthambo a Hubble mu M32, kamlalang'amba kakang'ono koyandikana ndi Andromeda.

Chomwe akukanganabe nchakuti chimazivula chikutocho nchiyani. Ena akuti ndi nyenyezi inzake yoyandikana nayo yomwe imachikoka, ena akuti zinabadwa kale ndi helium wambiri. Ine mtima wanga uli ku helium koma ndine wongowerenga chabe. Ndivomere kuti satelayiti ya GALEX, yomwe inaponyedwa mu 2003, inapezadi timagulu ta nyenyezi zazing'ono msinkhu mma elliptical ena, ndiye simunaname kwenikweni, munangosiya theka la nkhani.

Mukadzalembanso mutchuleko Omega Centauri, gulu lalikulu la nyenyezi zothithikana, muli nyenyezi zovula zomwezi ndipo cha mu May madzulo magetsi akathima imaoneka ndi maso chakummwera ngati kamtambo.

Wowerenga wanu,
ku Zomba